Belo la Majekete

Ndinagula belo mwezi wa Epulo,
la majekete okhaokha, ndalama yokongola kwa a Nasibeko,
ndikuwerengera chisanu monga mlimi awerengera mvula.
Lero Juni wadya sabata yachiwiri
ndipo ine ndili pa Mupedzanhamo, mu Mbare muno,
ndikudzikupiza ndi chibenthu cha katoni.

Kumwamba kwayera kuti mbee, ngati mbale yokwechedwa ndi phulusa.
Palibe ngakhale kamtambo konamizira mwana.
Dzuwa lalawirira, lakhala pamalata
ngati mwini nyumba wodzalonjerera lendi.

M'mawa kumazizirako, ndisaname,
kamphepo kamaluma makutu pokwerera makombi,
koma ikamati naini koloko kathawa kale,
kasiya anthu atamanga majuzi m'chiuno.
Dzulo mnyamata wina anayesa jekete lachikopa,
linamukhala ngati anabadwa nalo.
Anadziyang'ana pafoni, namwetulira,
kenaka anati, "Amayi, nanga ndidzalivala liti?"
Ndinasowa chonena. Ndinalipinda.

Bambo anga a Lufeyo anafika kuno wapansi kuchokera ku Dedza
mzinda uno ukadali ndi dzina lina.
Ankati Juni wa masiku amenewo ankaumitsa madzi m'beseni,
udzu wa m'mbali mwa Mukuvisi unkadzuka ndi imvi,
alonda ankachezera atakumbatira mbaula
mpaka miyendo kuchita mawanga a moto.
Munthu ukati upereke moni
mawu ankatuluka ndi utsi wake.
Mwana wanga Tiyese amaseka ndikamanena izi,
amati agogo ankathira mchere wambiri.

Komatu ndi iye yemweyo wandiuza za chipululu.
Akuti aphunzitsi anajambula pabolodi:
mchenga wa Kalahari uli kumadzulo uko,
ndipo kutentha kukukwera chaka ndi chaka,
mwakachetechete, ngati mtengo wa buledi.
Ine kuchipululu sindinapondeko,
koma ndikuona ngati chayamba kutumiza azondi:
fumbi ili, logona m'matumba a zovala zosavalidwa,
milomo yosweka, zidendene zong'aluka,
mpope wa kwathu ku Mufakose wotsokomola mphepo yokha,
mzere wa zigubu pamjigo
tambala asanaganize n'komwe zolira.

Pawailesi akuti kunja kwacha bwino,
tsiku lokoma, chapani, yanikani.
Kuchapa ndi chiyani?

Mai Tarisai wa benchi yoyandikana nane
wasiya mabulangete, akugulitsa zipewa ndi madzi oundana.
Amandiuza, "Tsatira dzuwa, mnzanga, ndilo lili pampando."
Ndimangomuyang'ana akupinda madola ofewa ngati nsanza.
Mwina akunena zoona.
Walira mvula walira matope, tinkatero,
nanga wolira chisanu walira chiyani?

Masana ano ndavala limodzi ndekha,
lofiira, la ubweya m'khosi,
kuti odutsa aone kukongola kwake.
Thukuta likutsika pamsana ngati nyerere.
Mayi wina waima, wandifunsa ngati ndikudwala malungo.

Analipo makumi anayi ndi atatu.
Ndagulitsa asanu, limodzi pangongole.
Foni yalira kawiri m'chikwama, ndikudziwa ndi a Nasibeko,
ndaisiya ilire, nayonso itope.

Usiku, Tiyese atagona wosafunda,
ndimatuluka pakhonde, magetsi atazima monga mwa masiku onse.
Nyenyezi zimakhala mbwee, zouma, zakuthwa ngati minga.
Ndimanyowetsa chala ndi malovu, n'kuchikweza m'mwamba
monga ankachitira bambo,
kufunsa kummwera ngati kuli uthenga.

Chala chimangouma.

Ndimalowa, n'kukhala pabelo langa,
lofunda ngati ng'ombe yogona,
n'kumamvetsera malata akuthetheka,
akubweza kutentha kwa tsiku lonse
pamutu pathu, pakati pa Juni.